Eti mafoni ndi amene akulepheretsa ana mayeso? Tikambe kaye za correlation

Temu yathayi tinali ndi msonkhano wa makolo pa sukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Mulanje, dzina la sukulu tilisiye, ndiye nkhani itafika pa zotsatira za Fomu 4 bambo ena achikulire anaimirira nkunena kuti aphunzitsi musavutike ndi kufufuza, vuto ndi mafoni basi, ana onse amene alephera ndi omwe aja amachezera pa WhatsApp ndi TikTok usiku wonse, landani mafoni muone ngati sakhoza. Anthu anaomba mmanja zedi. Ine ndinangoti duu pa mpando, osati kuti bambowo amanama ayi, mwina amanena zoona ndithu, koma mmutu mwanga munabwerera kalasi ya psychology, phunziro la maganizo ndi khalidwe la munthu, yomwe tinkaphunzira ku koleji ku Zomba, tsiku lomwe anatiphunzitsa za correlation. Zomwe ananena bambowo ndi correlation yeniyeni, kungoti anaipanga ndi maso osati ndi pensulo, kenako nkuilumphitsa mpanda kukafika nayo pomwe iyo payokha sifika.

Mawu achichewa enieni a correlation ine sindinawapezebe, mkalasi ndimangoti kuyendera limodzi. Zinthu ziwiri zimene chimodzi chikasintha chinzake chimasinthanso. Ngati njira yofufuzira, chachikulu nchoti wofufuzayo sakhudza kalikonse, samulanda mwana foni, samupatsa foni, amangofika nkuyeza zomwe zilipo kale mmene wazipezera. Apa ndiye pamene imasiyanirana ndi experiment, pomwe wofufuza amasintha dala chinthu chimodzi pa gulu lina, gulu linalo nkulisiya, nkuona chomwe chichitike.

Tiyerekeze kuti ndatenga ana 60 a Fomu 3. Mwana aliyense ndimufunsa maola omwe amakhala pa foni patsiku, kenako nditenge malikisi ake a masamu. Ndiye kuti mwana aliyense ali ndi manambala awiri. Ndijambule gilafu, mmusimu maola a foni, mmbalimu malikisi, mwana aliyense akhale kadontho kamodzi pomwe manambala ake akumana. Ukamaliza umabwerera mmbuyo pang'ono nkuyang'ana madontho onse 60 aja ngati mtambo. Mtambowo ukamatsetsereka kuchoka kumanzere kumwamba kutsikira kumanja, ndiye kuti maola a foni akamachuluka malikisi akutsika, imeneyo ndi correlation ya mainasi. Ukamakwera ngati njira ya ku Likhubula ukulowera kuphiri, monga zimakhalira ukayeza masiku omwe mwana wabwera ku sukulu ndi malikisi ake, imeneyo ndi ya pulasi. Koma pena madontho amangoti mbwee ngati nandolo watayika pabwalo, osaona kolowera, pamenepo palibe kuyendera limodzi kulikonse.

Ndiye poti maso amanamiza, pali nambala imodzi yomwe amawerengera, amaitchula kuti r. Imayambira pa -1 kukafika pa +1. Ikakhala +1 kapena -1 madontho onse andanda pa mzere umodzi wowongoka, ikakhala 0 ndi nandolo uja. Chomwe chimasokoneza anthu ambiri, ine ndemwe chinandigwetsa pa tesiti yoyamba, nchoti mainasi satanthauza kuti correlation ndi yofooka kapena yoipa. Chizindikirocho chimangokuuza kolowera. Mphamvu ili pa nambalayo. Ndiye -0.6 ndi yamphamvu kuposa +0.2, olo ikuoneka ngati ngongole.

Amene anayambitsa zimenezi ndi mzungu wa ku England dzina lake Francis Galton, msuweni wa Charles Darwin. Mkuluyu ankakonda kuyeza chilichonse, mma 1880 ankayeza kutalika kwa makolo ndi ana awo, ndipo mu 1888 ndi pomwe analemba za kuyendera limodziku. Karl Pearson ndi amene anakonza masamu ake bwinobwino mu 1896, nchifukwa chake mpaka lero amati r ya Pearson. Iyeyu atayeza abambo ndi ana awo aamuna oposa 1,000 anapeza kuti kutalika kwawo kumayendera limodzi pa 0.5 kapena kuyandikira pamenepo. Ndisabise, anthu awiriwa anali ndi maganizo onyansa pa nkhani ya mitundu ya anthu, Galton ndi amene anapeka mawu oti eugenics, maganizo oti anthu omwe akuwaona ngati apamwamba ndi amene azibereka ana ambiri, enawo ayi, ndipo mu 1873 analemba kalata mu nyuzipepala ya The Times kunena kuti Africa bola angoipereka kwa Matchaina. Chida chake tikugwiritsa ntchito koma munthuyo sitikumuombera mmanja. Mu psychology chidachi chinalowa mwamphamvu ndi Charles Spearman mu 1904, ataona kuti ana a sukulu amene amakhoza phunziro limodzi amakondanso kukhoza maphunziro ena, nkunena kuti payenera kuti pali nzeru ina yake yomwe ili pansi pa zonsezi, anaitcha g. Mkangano wa g sunathe mpaka lero koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Taganizirani 0.5 ya kutalika ija. Tonse timadziwa kuti bambo wamtali amabereka ana ataliatali, komanso tonse tikudziwa banja lomwe bambo ndi chimphona mwana nkukhala kafupi. Ndiye 0.5 imaoneka choncho, mtambo wopendekeka koma wotakata. Tsono mu psychology 0.5 imeneyo ndi yaikulu kale. Jacob Cohen mu 1988 anapereka kamuyezo komwe ambiri amatsatira, koti 0.1 ndi yaing'ono, 0.3 ndi yapakati, 0.5 ndi yaikulu. Zambiri zomwe mumamva pa wailesi kuti akatswiri apeza kuti chakuti chimagwirizana ndi chakuti zimasewera cha mma 0.2 ndi 0.3 momwemu. Ndipo pali kachinyengo kena, ukatenga r nkuichulukitsa ndi iyo yomwe umapeza gawo la kusiyana kwa anthu lomwe chinthu chinacho chikufotokoza. 0.3 kuchulukitsa ndi 0.3 ndi 0.09, ndiye kuti 9 pa 100 basi, 91 yotsalayo ili kwina. Nchifukwa chake correlation imakamba za gulu osati za mwana wanu. Munthu akati koma mwana wa achimwene anga amakhalira foni ndipo anakhoza ndi mapointi abwino, sanagwetse kalikonse, wangoloza kadontho kamodzi kamene kali pambali pa mtambo.

Mwina mukuti nanga bwanji osangopanga experiment nthawi zonse kuti tidziwe zenizeni. Yankho lake kuno kwathu silovuta kulimva. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Blantyre, anthu oposa 1,000 anamwalira mdziko muno. Tili ndi ana mmakalasimu omwe anaona matope akukokolola nyumba ndi abale ali momwemo. Ngati ukufuna kudziwa kuti zoopsa ngati zimenezo zimamutani mwana pa tulo, pa mantha mvula ikayamba, pa kumvetsera mkalasi, ungatani? Sungatenge ana nkuwachitira maere kuti awa aone zoopsa awa asaone. Chomwe ungathe ndi kufunsa mwaulemu kuti aliyense anakumana ndi zotani, nkuyeza mmene alili pano, nkuona ngati zikuyendera limodzi. Chimodzimodzi umasiye, nkhanza za mbanja, kachasu, kukwatiwa uli wamng'ono, umphawi. Nkhani zikuluzikulu za moyo wa munthu zambiri sizilola experiment, kaya chifukwa ndi nkhanza kutero kaya chifukwa nzosatheka. Sungapange anthu kukhala mapasa, koma Thomas Bouchard wa ku yunivesite ya Minnesota kuyambira mu 1979 anasakasaka mapasa ofanana omwe analeredwa mmakomo osiyana, nkupeza kuti zotsatira zawo pa mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ zimayendera limodzi cha pa 0.7, nambala yaikulu kwambiri pa anthu omwe ena a iwo anakula osadziwana nkomwe.

Komanso correlation imathandiza kulosera olo usakudziwa chifukwa chake. Agogo akaona mmene mitambo yakhalira pa phiri amakuuza kuti anula chimanga, ndipo nthawi zambiri amalondola osaphunzira za nyengo. Ine ndikaona mwana wayamba kujomba Lolemba lililonse ndimadziwa kuti malikisi atsika, sindifunika kudziwa kaye kuti chayamba ndi chiti kuti ndiyambe kumuyang'anira.

Vuto limabwera ukafuna kuchoka pa zikuyendera limodzi kupita pa ichi ndi chimene chikuyambitsa icho. Ukaona anthu awiri akuyenda limodzi mu msewu wa ku Limbuli tsiku la msika sungadziwe kuti waitana mnzake ndi ndani, mwinanso palibe anaitana mnzake, onse angomva kuti kwabwera kaunjika watsopano.

Tiyambe ndi kuti akutsogolera ndani. Bambo aja amati foni ikugwetsa malikisi. Nanga ngati zili chotembenuza? Mwana amene masamu anamutaya kale ku Fomu 1, akatsegula kope sakumva kanthu, mtima umamuwawa, ndiye amathawira ku foni komwe kulibe womufunsa x. Pamenepo kulephera ndi kumene kwabweretsa foni. Gilafu yake ituluka chimodzimodzi, r yake chimodzimodzi, nambala sikuuza. Zimenezi zinawagwetsa akuluakulu enieni ku America. Ofufuza ankapeza kuti ana odzikhulupirira amakhoza bwino mkalasi, ndiye mu 1986 boma la California linakhazikitsa komiti yoona za kukweza kudzikhulupirira, poganiza kuti ukamuuza mwana kuti ndiwe dolo malikisi akwera, mimba za ana achichepere zichepa, umbava uchepa. Masukulu ambiri anatengeka nazo. Mu 2003 Roy Baumeister ndi anzake ataunikanso kafukufuku yense yemwe analipo anapeza kuti kuyendera limodziko nkochepa, ndipo mbali yaikulu imayenda chobwerera, mwana akakhoza ndi pomwe amayamba kudzikhulupirira. Kumuchemerera chabe sikunkakweza malikisi.

Kenako pali chachitatu chobisala, ndipo ichi ndi chomwe ndimakonda kufotokoza chifukwa chitsanzo chake tinakula nacho. Ndani sanauzidwepo kuti usadye mango ambiri udwala malungo? Ndipo ukati uwerenge mwezi ndi mwezi upezadi kuti nthawi yomwe mango achuluka malungo nawo amayamba kukwera. Correlation ilipo, si bodza. Koma mango alibe mlandu, nyengo ya mango imakumana ndi kuyamba kwa mvula, madzi adikha, udzudzu waswana. Kuno kwathu ungathenso kupeza kuti miyezi yomwe anthu akuthyola makilo ambiri a tiyi ku esiteti ndi yomwenso mzere wa odwala malungo umatalika ku chipatala, koma palibe wamisala amene anganene kuti kuthyola tiyi kumadwalitsa malungo. Ndi mvula yomweyo ikuphukitsa tiyi ikuswanitsanso udzudzu. Pa tiyi timaseka chifukwa nzoonekeratu, pa mango tinakhulupirira zaka ndi zaka chifukwa nkhani yake imamveka bwino mkhutu. Pamenepo ndiye poopsa, correlation ikakumana ndi nkhani yomwe timafuna kale kuikhulupirira.

Bwererani ku mafoni aja. Ndi mwana uti amene amakhala pa foni mpaka 1 koloko usiku? Kawirikawiri ndi uja bambo ali ku Joni anamutumizira foni ngati chipepeso, mayi amadzuka mbandakucha kupita ku esiteti nkubwera atatheratu, pakhomo palibe woti gona iwe, palibe wofunsa homuweki. Mwana ameneyo olo umulande foni, pakhomopo pakhalabe popanda womuyang'anira. Ndiye mwina foni ndi mango chabe, mvula yake ndi ina.

Pa nkhani ya chachitatu chobisalayi pali kafukufuku wotchuka kwambiri mu psychology yemwe mwina munamuonapo pa Facebook. Walter Mischel wa ku Stanford, chakumapeto kwa ma 1960 ndi kuyambirira kwa ma 1970, ankatenga ana a ku nazale nkuwaikira kaswiti kofewa kotchedwa marshmallow patsogolo, nkuwauza kuti ine ndikutuluka, ukadikira osadya mpaka ndibwere ndikupatsa tiwiri. Ena amangoti mbwandira pompo, ena amapirira. Patapita zaka anawatsata ana aja ali achinyamata ndipo mu 1990 iye ndi anzake analengeza kuti amene anadikira nthawi yaitali ankakhoza bwino mayeso olowera ku koleji. Dziko lonse linatengeka, alaliki, aphunzitsi, anthu a mabizinesi, onse kumati mwaona, chinsinsi cha moyo ndi kudziletsa. Koma ana aja anali ochepa ndipo ambiri anali a anthu ophunzira a pa yunivesite pomwepo. Mu 2018 Tyler Watts, Greg Duncan ndi Haonan Quan anaunikanso nkhaniyi ndi ana oposa 900 ochokera mmabanja osiyanasiyana. Kuyendera limodzi kuja anakupezadi koma kunali pafupifupi theka la komwe kunanenedwa poyamba, ndipo atachotsera mbali ya kumene mwana akuchokera, maphunziro a mayi ake, mmene pakhomo palili ndi nzeru zomwe anali nazo kale, kunatsala kochepa kwambiri. Ine izi sizinandidabwitse olo pang'ono. Mwana amene wakulira pakhomo poti mbale ikafika mukudya asanu, ndipo ukati ndisunge nthuli mkulu wako akulanda, ndiponso akuluakulu akati ndikugulira mawa mawalo silifika, mwana ameneyo kudya switi pompo si kupusa, ndi nzeru zomwe moyo wamuphunzitsa. Umphawi womwewo ndi umene udzamuvutitsenso ku sukulu.

Kuchotsera komwe ndatchulaku ndi masamu omwe ofufuza amagwiritsa ntchito, kunena mwachidule amafanizira ana okhaokha ofanana pa chinthu chachitatucho, olemera ndi olemera anzawo, osauka ndi osauka anzawo, nkuona ngati kuyendera limodzi kukadalipo. Zimathandiza kwambiri koma ungachotsere chokhacho chomwe unachiganizira nkuchiyeza. Chomwe sunachiganizire chimakhalabe mmenemo chili phee.

Palinso timisampha tina ta r yeniyeniyo. Iyo imaona mzere wowongoka basi. Tengani nkhawa ndi mayeso, mwana wopanda nkhawa olo pang'ono sawerenga, wa nkhawa yapakatikati amadzuka usiku nkuwerenga, wa nkhawa yopyola amafika mu holo mutu nkuima manja kunjenjemera. Ili ngati mchere mu ndiwo. Gilafu yake imakwera kenako nkutsika ngati chulu, ndipo r ikhoza kutuluka pafupi ndi 0 ngati palibe chilichonse pomwe mgwirizano ulipo waukulu. Maganizo amenewa amawalumikiza ndi Robert Yerkes ndi John Dodson omwe ankayesa mbewa mu 1908. Ndiye osathamangira nambala usanaone madontho. Kwinanso ukayeza anthu ofanana kwambiri correlation imabisala, mukapita pa sukulu ya national pomwe ana onse anasankhidwa atakhoza bwino Sitandade 8 mupeza ngati malikisi a ku pulayimale sakugwirizana kwenikweni ndi a MSCE, chifukwa a mmunsi onse mulibemo mu gulumo. Ndipo pa foni pali vuto lina losavuta kumva, mwana ukamufunsa kuti umakhala maola angati pa foni akuuza zoona? Olo akuluakulufe timadzinamiza, ofufuza atafanizira zomwe anthu amanena ndi zomwe foniyo yalemba anapeza kuti zimasiyana ndithu.

Msampha wina uli mmutu mwathu momwemu. Kadzidzi akalira padenga mawa nkumveka maliro, mudzi wonse umakumbukira mpaka zaka. Koma mausiku onse omwe analira osafa munthu, ndi maliro onse omwe anachitika kadzidzi ali chete, palibe amawerenga. Loren Chapman mu 1967 anazipatsa dzina zimenezi, correlation yongoganizira, yomwe ubongo umapanga wokha chifukwa umasunga zomwe zagundana nkutaya zomwe sizinagundane. Bambo aja pa msonkhano anatchula ana a foni omwe analephera. Koma magulu alipo anayi, a foni olephera, a foni okhoza, opanda foni olephera, opanda foni okhoza. Ine monga mphunzitsi wawo ndikudziwa kuti gulu la opanda foni olephera ndi lalikulu zedi pa sukulu pathu, ana oyenda mtunda wautali mmimba mulibe kanthu, koma iwowo palibe anawatchula chifukwa nkhani yawo ilibe chokoma.

Nanga akatswiri anapeza zotani pa mafoni? Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford anatenga mayankho a achinyamata oposa 350,000 a ku America ndi ku Britain kuti aone ngati kugwiritsa ntchito mafoni, makompyuta ndi TV kumayendera limodzi ndi kusapeza bwino mmaganizo. Anapeza mainasi inde, koma kakang'ono kwambiri, kosapitirira 0.4 pa 100 ya kusiyana kwa achinyamatawo. Pofuna kuti anthu amvetse anafanizira ndi zinthu zina za mu mafunso omwewo, nkupeza kuti kudya mbatatesi pafupipafupi kunali ndi mainasi woyandikira pomwepo. Kugona mokwanira ndi kudya mmawa zinali ndi mphamvu yoposa pamenepo, kuzunzidwa ndi anzako nako kunali koipa kuposa foni. Koma tisathamange nazo, amenewo ndi ana a kunja, ndipo amayeza za mmaganizo osati malikisi a MANEB, komanso pa gulu lalikulu choncho ana ochepa omwe foni ikuwaonongadi amatha kumira osaoneka. Chomwe ndimatolapo ine nchoti anthu akachuluka chonchi olo kanthu kakang'ono kamaoneka, ndiye mukamva kuti apeza mgwirizano funsani kuti waukulu bwanji.

Tsono pali anthu ena omwe amanditopetsa kuposa bambo aja, omwe anangoloweza kuti correlation si umboni wa chomwe chikuyambitsa ndiye amangoiponya paliponse ngati mwala kuti nkhani ithe. Amenewo akumbutseni za fodya. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa kuti odwala khansa ya mmapapo ku zipatala za ku London ambiri anali osuta. Mu 1951 anayamba kutsata madokotala a ku Britain pafupifupi 40,000, kafukufuku yemwe anayenda zaka 50. Palibe anatenga anthu nkuwakakamiza kusuta, zonse zinali correlation. Makampani a fodya anakakamira pomwepo zaka zambiri kuti palibe umboni, ndipo olo katswiri wamkulu wa masamu Ronald Fisher ankati mwina pali china cha mmagazi chomwe chimapangitsa munthu kukonda fodya komanso kudwala khansa. Chachitatu chobisala chomwe chija, koma ulendo uno kunalibe. Chinagamula mlandu ndi kuunjikana kwa zinthu, mgwirizanowo unali waukulu kwambiri, unkapezeka mmaiko osiyanasiyana, kusuta kunkayamba matenda nkubwera pambuyo, wosuta ndudu zambiri chiopsezo chinkakulanso, wosiya chinkatsika. Mu 1965 Hill anandandalika mfundo zisanu ndi zinayi zoyezera ngati correlation ikuloza chomwe chikuyambitsadi, ndipo zomwe ndatchulazi zili momwemo.

Mu psychology njira yotsata anthu omwewo kwa zaka ndi imene imathandiza pa funso la akutsogolera ndani, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Leonard Eron ndi anzake mu 1960 anayeza ana oposa 800 a zaka 8 ku New York, zomwe amakonda kuonera pa TV ndi mmene amachitira ndewu, nkudzawapezanso patapita zaka 10. Kwa anyamata, kukonda mafilimu achiwawa ali ndi zaka 8 kunalosera ukali wa pa unyamata kuposa mmene ukali wa pa ubwana unaloserera zomwe adzaonere atakula. Kwa atsikana sizinaoneke choncho. Si umboni wotseka nkhani koma ukudziwa kuti chinayamba ndi chiti, ndipo pamenepo wasuntha.

Pena mwayi umapezeka woti correlation iyesedwe ndi experiment yeniyeni, ndipo chitsanzo chabwino chili pafupi pompano ku Zomba. Zimadziwika kalekale kuti umphawi ndi kuvutika mmaganizo zimayendera limodzi, koma mbali zonse ziwiri nzomveka, usiwa umadwalitsa maganizo, komanso wodwala maganizo amavutika kugwira ntchito nkusauka. Mu 2008 ndi 2009 Sarah Baird, Berk Özler ndi anzawo anachita maere pa madera 176 a mboma la Zomba, mmadera ena atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, mmadera ena ayi. Poti anasankha ndi maere, magulu awiriwo anali ofanana pa zina zonse, chosiyana chinali ndalama basi. Atsikana a pasukulu omwe ankalandira anapezeka kuti kuvutika mmaganizo kunachepa nthawi yomwe ndalama zinkabwera, ndipo zitasiya kusiyanako kunazilala. Apa ndiye ukhoza kunena molimba mtima kuti ndalamazo ndi zomwe zinachita, chinthu chomwe mafomu a mafunso okha sakanakuuza.

Msonkhano utatha ndinawatsatira bambo aja panja pa mtengo wa mango, ndinawauza kuti bambo mfundo yanu ndaimva ndipo temu ikubwerayi ndikufuna ndiifufuze bwinobwino ndi ana a Fomu 3, kungoti pa fomupo sindifunsa za foni zokha, ndifunsanso kuti amagona nthawi yanji, amakhala ndi ndani pakhomo, amadya asanabwere ku sukulu, amayenda mtunda wotani, ndipo nditenganso malikisi awo a Fomu 1 foni asanakhale nayo. Anandiyang'ana nkuseka, amvekere aphunzitsi inu fufuzani, koma wangayo foni ndinalanda kale sabata yatha. Ndinati chabwino, ndiye mudzandiuze mmene akhozere temu ino. Akuti akhoza basi, paja ndamuletsanso zopita kukagulitsa nanazi pa Chitakale Loweruka, ndamulipirira pati taimu ya masamu, komanso amayi ake abwerako ku Blantyre tsopano akukhala pakhomo.